Thanki yopanda mafuta siteteza ma injector ku dzimbiri

Anthu ambiri akafuna kuimika galimoto miyezi ingapo amasiya thanki ili pafupifupi yopanda kanthu, ati ethanol (mtundu wa mowa womwe amausakaniza mu petulo) ndi amene amadya ma injector, tizida tija tomwe timapopera mafuta mu injini, ndiye ethanol akachepa vutonso lachepa. Ayi ndithu, pamenepo mpomwe mumaziputa.

Chimabweretsa dzimbiri ndi madzi. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye thanki ikakhala ya theka mpweya umachuluka mkatimo, usiku kukazizira timadontho timapangika m'mbali mwa thanki nkumatsikira m'mafuta. Petulo wa E10, uja wa ethanol 10 pa 100, amatha kusunga timadzi pang'ono popanda vuto, koma tikachuluka ethanol uja amagwirana ndi madziwo nkusiyana ndi petulo, kukakhala pansi penipeni pomwe pampu imayamwa. Tsiku lomwe mudzalize injini, choyamba kufika ku ma injector ndi chimadzi chimenecho. Ndipo timabowo ta injector ntating'ono zedi, kadzimbiri kochepa chabe pa kasingano ka mkati basi yayamba kudontha kapena kumatirira osatseguka, injini nkumangotsokomola.

Ndiye dzazani thanki musanaiimike, thiranimo stabilizer (mankhwala oteteza petulo kuti asawonongeke akakhalitsa), muyendeko kanthawi kuti afike mpaka ku ma injector. Ngati mumayendera E85, uja wa ethanol wofika mpaka 85 pa 100, muyambe mwamumaliza kenako muthire petulo wa ethanol wochepa. Zija zoliza injini mphindi 5 pa sabata galimoto ili chiimire zisiyeni, injini simatentha mokwanira, mukungounjika chinyezi mu oyilo ndi mu ekizozi.