Mbale ndi foni pa ampu imodzi: nkhani yagona pa khomo lolembedwa PHONO

Mwezi wathawu kunabwera bambo ena ku shopu kwanga atanyamula ampu, chokwezera mawu opita ku masipika chija, m'katoni, akuti yafa ndiwakonzere. Nkhani yake inali yoti anapeza mbale za nyimbo za malemu bambo awo m'sutikesi kumudzi, zija za rumba, kanindo ndi simanjemanje, ndiye anasakasaka mpaka kugula choyimbira mbale kwa munthu wina, kufika kunyumba kulumikiza bwinobwino koma mawu akumveka patali ngati kulira kwa udzudzu, besi olo pang'ono kulibe, chonsecho voliyumu aikweza mpaka pamapeto. Akaika nyimbo za pafoni zikumveka bwino. Ampu ija ndinaiyesa, inalibe vuto lililonse. Chomwe chinachitika nchoti waya wa choyimbira mbale anaulowetsa pomwe palembedwa AUX, basi.

Vuto limeneli ndalionapo kambirimbiri, ndiye ndati ndilifotokoze pano kuti ena musataye ndalama kukonzetsa chinthu chamoyo.

Singano ikamayenda m'kanjira ka mbale imanjenjemera, ndipo kumtunda kwake kuli kamaginito kakang'ono pafupi ndi timakoilo ta waya, zonsezi zili m'kamutu kaja timati katiriji. Kunjenjemerako ndi komwe kumapanga magetsi a nyimboyo, koma ndi ochepetsetsa kwambiri, mamilivoti 3 mpaka 5 pa katiriji wamba. Pomwe choyimbira ma CD chimatulutsa mpaka mavoti 2, ndiye mukaona ndi kusiyana kwa maulendo mazanamazana. Khomo la AUX linapangidwira zinthu zamphamvu ngati CD, foni, TV. Mbale mukailowetsa pamenepo ili ngati mwana wakhanda akulira pakati pa msika, samveka.

Chachiwiri, chomwe ambiri sadziwa, nchoti nyimbo ya pa mbale sinalembedwe momwe timaimvera. Popanga mbale amachepetsa besi dala, nkukweza mawu opyapyala aja a pamwamba. Besi yeniyeni ikanafuna kanjira kotakata kwambiri moti mbali imodzi bwenzi ikutha nyimbo ziwiri zokha, singano nayo ikudumpha, pomwe mawu opyapyala amawakweza kuti apose kaphokoso ka "shhh" ka pulasitikiyo. Muyezo wake umatchedwa RIAA, makampani a ku America anagwirizana za iwo mu 1954 ndipo mpaka lero mbale zimapangidwa choncho. Ndiye pamafunika kachipangizo kogwira ntchito ziwiri, kukweza mphamvu komanso kubwezeretsa besi pamalo pake. Kameneko ndiye phono. Bambo aja ankasowa kameneka, nchifukwa chake mawu anali ochepa komanso owuma.

Phono imapezeka malo atatu. Ma ampu akale aja a Pioneer, Sansui, Kenwood, Technics a m'ma 1970 ndi 1980 pafupifupi onse ali nayo mkati, mukatembenuza kumbuyo muona mabowo awiri olembedwa PHONO ndi kasikuluu pambali kolembedwa GND. Zoyimbira mbale zina zatsopano, monga Audio-Technica AT-LP60X, zili nayo mkati mwake ndi kaswitchi kumbuyo kolembedwa PHONO ndi LINE. Ngati konseku kulibe, mumagula kabokosi kapadera nkukaika pakati pa choyimbira ndi ampu, kuchoka pamenepo nkulowa pa AUX. Koma phono ikhale imodzi yokha panjira yonseyo. Mukaika swichi pa LINE kenako nkulowetsanso pa PHONO ya ampu, mawu amatuluka osweka, besi yophulika, ndipo masipika mutha kuwapweteka. Swichi pa LINE, waya pa AUX. Swichi pa PHONO, waya pa PHONO. Ena muona kabatani ka MM ndi MC, imeneyi ndi mitundu iwiri ya katiriji, siyani pa MM pokhapokha ngati mukudziwa kuti katiriji yanu ndi ya MC, zomwe ndi zodula ndipo sizipezeka wambawamba.

Kawaya kakang'ono kopyapyala kaja kamalendewera pambali pa mawaya ofiira ndi oyera musakanyoze ayi. Kamangidwe pa GND. Kakapanda kumangidwa mumamva kung'ung'udza kwa "mmmm" kosatha, ndipo anthu ena amafika posintha masipika chifukwa cha kawaya kameneka. Mawaya a phono asakhale aatali kwambiri komanso asapiringizane ndi zingwe za magetsi kapena tchaja ya foni, amatola phokoso msanga poti mphamvu yawo ndi yochepa kale.

Kumbali ya foni, laputopu, flash ndi TV zinthu ndi zosavuta. Nyimbo za mmenemo ndi manambala chabe, ndipo pamafunika china chowasandutsa kukhala mawu, chimene timati DAC. Foni yokhala ndi bowo la mahedifoni ili nayo kale, ndiye mungogula waya wa kamutu ka 3.5 mm mbali ina, mbali inayo mitu iwiri wofiira ndi woyera, nkulowetsa pa AUX. Ngati AUX yatenga kale mbale, ikani pa CD, TUNER kapena TAPE IN, makomo onsewa ndi ofanana, anangosiyana mayina. Pa PHONO pokha ndiye musayerekeze kuikapo foni. Amene simufuna mawaya gulani kolandirira Bluetooth nkukabaya pa khomo limodzi mwa amenewa, ampu ya zaka 40 imayamba kuimba za pa YouTube ndi Spotify ngati yatsopano. Ineyo pa laputopu ndimakonda DAC ya USB chifukwa bowo la mahedifoni la malaputopu ambiri limakhala ndi kaphokoso makamaka tchaja ikakhala pamoto. TV zambiri zatsopano zili ndi kabowo kowala kofiira kolembedwa OPTICAL, pamenepo pamafunika DAC yolandira waya wa optical, ndipo mulowe mu settings za TV musankhe PCM, apo bii mumva zii kapena phokoso lokhalokha.

Tsono ndinenepo maganizo anga pa mkangano uja wakuti mbale ndiye zimamveka bwino kuposa za digito. Ine mbale ndimazikonda kwambiri, koma CD yomwe Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982 ilibe kuthetheka, siitha ngakhale muiimbe kangati, ndipo besi yake ndi yoyera. Chomwe chimaipitsa mbiri ya digito kwathu kuno ndi mafayilo omwe timamvera, nyimbo yadutsa pa WhatsApp kangapo, kapena mwakaikitsa kwa anyamata owotcha nyimbo pamsika ili MP3 ya 128 kbps mwinanso kutsika apo, pa kasipika ka foni simungadziwe koma pa masipika abwino zonse zimaonekera poyera, zinganga zimamveka ngati madzi akutuluka pa mpopi. Sakani za 320 kbps kapena FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kalikonse pa nyimbo, kapena kwezani quality mu app yanu ngati bandulo ikulola. Komanso dziwani kuti foni ndi CD nthawi zambiri zimamveka mokweza kuposa mbale pa voliyumu imodzimodzi, ndiye musanasinthe kuchoka ku PHONO kupita ku AUX tsitsani kaye voliyumu.

Choyimbira mbale chimafuna pokhala pake. Pakhale pathyathyathya posapendekeka, polimba, ndipo chisakhale pa tebulo limodzi ndi masipika kapena pamwamba pa sabufa ngati momwe ambiri timaunjikira zinthu pa display. Sipika ikagunda besi tebulo limanjenjemera, singano imatola kunjenjemerako nkukubwezera ku ampu, ampu nkukukweza, mapeto ake ndi kulira kwa "wuuu" kongokulirakulira. Nyumba zathu zambiri pansi ndi simenti ndiye tili ndi mwayi, kashelefu kokhomera kukhoma la njerwa ndiye kabwino koposa.

Kulemera kwa singano nako ndi nkhani. Kumbuyo kwa mkono wonyamula singano kuli chitsulo chozungulira chokhala ndi manambala, chimenecho ndi choyezera magalamu. Katiriji iliyonse ili ndi muyezo wake, Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 2, Ortofon 2M Red imafuna 1.8, zambiri zimasewera pakati pa 1.5 ndi 2.5. Kabatani ka anti-skate, koletsa mkonowo kukokekera pakati pa mbale, mukaike pa nambala yomweyo. Zomwe zimandiwawa mtima ndi kuona munthu wamata ndalama yachitsulo pamutu pa singano kuti isamadumphe. Makolo athu ankachita zimenezo pa magumbagumba ndipo nchifukwa chake mbale zambiri zomwe tikupeza lero zinaperepeseka mkati, mawu ake ngati mukukazinga chimanga. Singano ikamadumpha ndiye kuti mbale ndi yakuda, yapindika, kapena singanoyo yatha. Mukagula choyimbira chogwiritsidwa kale ntchito, sinthani singano musanaikepo mbale yomwe mumaikonda, chifukwa singano yakutha imapala kanjira ndipo zikatero palibenso wokonza.

Masipika awiri atalikirane mofanana ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pomwe mumakhala, timasipika ta pamwamba tija tikhale molingana ndi makutu anu mukakhala pampando, ndipo musawapanikize pakona chifukwa besi imachuluka mpaka kuphimba mawu a woimba. Waya wofiira pa chofiira, wakuda pa chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi palibe chimapsa koma besi imathawa ndipo woimba samvekanso pakati. Onaninso manambala a ma ohm kumbuyo kwa ampu ndi masipika, ampu ikalembedwa 8 ndiye musaipachike masipika anayi a 4, imatentha nkupsa. Waya wa masipika safunika wodula, wakopa weniweni wonenepa bwino ndi wokwanira.

Za magetsi ndiye mumvetsetse, makamaka amene achibale amakutumizirani katundu kuchokera kunja. Kuno ku Malawi ndi 230V pa 50Hz, chimodzimodzi Zambia, South Africa ndi UK, ndiye za kumeneko zimangogwira. Za ku America ndi 120V pa 60Hz, za ku Japan ndi 100V. Werengani kachikwangwani kumbuyo musanabaye pa soketi, ndaonapo ampu yokongola ikufuka utsi tsiku lomwe yafika. Thiransifoma yotsitsa mphamvu imathandiza pa mavoti okha, pa ma Hz siithandiza, ndiye choyimbira chakale cha ku America chomwe mota yake imatsatira magetsi a pakhoma chimazungulira pang'onopang'ono kuno, mmalo mozungulira maulendo 33⅓ pa miniti chimayenda cha m'ma 28, oimba onse kumveka ngati angodzuka kumene. Zokhala ndi mota ya DC kapena zolembedwa quartz zilibe vuto limeneli. Magetsi akathima zulani pulagi, pobwera paja ndi pomwe zinthu zimapsa, nthawi ya mvula ya ziphaliwali chimodzimodzi. A sola, ngati inveta yanu si ya pure sine wave musadabwe ampu ikamang'ung'udza ndi kutentha. Poyatsa yambani choyimbira, ampu pomaliza, pozimitsa ampu ndiye iyambe, kuti kugunda kwa "phu" kuja kusafike ku masipika.

Mbale zenizenizo zisungidwe choimirira ngati mabuku, osati kusanjikiza, ndipo zitalikire windo ndi denga la malata. Kutentha kwa mu Okutobala kumapinda mbale, yosiyidwa m'galimoto masana amodzi okha imatuluka ngati chipewa. Fumbi lichotsedwe ndi kabulashi kofewa musanaimbe, ndipo muzigwira m'mphepete osati pomwe pali nyimbo.

M'sutikesi ya bambo aja munalinso mbale zinayi zolemera, zokhuthala, zolembedwa 78. Zimenezo ndinawauza asaziike kaye. Si pulasitiki ngati zinazi, ndi shellac, zimasweka ngati mbale yadothi zikagwa, sipiriti amazisungunula, ndipo kanjira kake ndi kotakata moti zimafuna singano yakeyake yonenepa komanso choyimbira chotha kuzungulira maulendo 78 pa miniti. Zinazo tinaziyesa pompo pa shopu titaika kabokosi ka phono ndi kumanga kawaya ka GND, ndipo rumba yoyamba itangoyamba bambo aja anakhala pa benchi osayankhula mpaka mbali yonse inatha, kenako anapempha kuti nditembenuze.