Ampu yaing'ono sindiye kuti njachete

Mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa gitala anafika Loweruka lina nkhope ili yakugwa. Amakhala ku Chilobwe m'nyumba ya lendi, zija za mdadada zoti khoma ndi limodzi mabanja awiri, pamwamba popanda siling'i. Anasunga ndalama miyezi ingapo n'kugula ka ampu, kachipangizo kokuzira mawu a gitala, ka mphamvu ya mawati 10. Maganizo ake anali akuti, poti kutchalitchi kwawo amaimbira ya mawati 100, kakeko kazilira pang'ono kakhumi. Usiku wachitatu alandilodi anagogoda pakhomo.

Masamu akewo ndi amene amasocheretsa anthu ambiri, chifukwa khutu siliwerenga choncho. Kuti phokoso limveke ngati latsika ndi theka, mphamvu iyenera kutsika kakhumi. Ndiye ampu ya mawati 10 mukaitsegula yonse imamveka ngati theka la ya mawati 100, ndipo ya wati imodzi imamveka ngati theka la thekalo. Sipika ya gitala ya mainchesi 12, monga Celestion Vintage 30, ikapatsidwa wati imodzi yokha imatulutsa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 100 kwa munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamene ili. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Nambala ya mawati yolembedwa pa katoni ija imakuuzani ngati ampu ingalimbane ndi woimba ng'oma pa siteji. Za mtendere wanu ndi aneba siinenapo kanthu.

Komanso si mawu onse amene amadutsa khoma mofanana. Waya wamkulu wa gitala, wa E uja, umanjenjemera maulendo 82 pa sekondi, ndipo mawu okhuthala oterewa ndi amene amayenda m'njerwa ndi m'simenti. Mukaika ampu pansi, pakona ya chipinda, mwawapatsa njira. Inu mumamva nyimbo, aneba amangomva gu! gu! gu! Ngati ampu muli nayo kale, ikwezeni pa mpando, iloze kukhutu kwanu osati kumawondo, ndipo mutsitse bass, mawu okhuthala aja. Mudzadabwa kuti voliyumu mwaitsitsa nokha. Koma nyumba ikakhala yopanda siling'i musadzivute, mawu amangolumpha pamwamba pa khoma.

Ena amati, bwanji osangoimba gitalayo osailumikiza kulikonse? Inde, gitala ya magetsi ya thabwa lopanda mphako imalira motsika kuposa wailesi ya m'khitchini. Kwa mphindi khumi zotenthetsa zala palibe vuto. Koma ine wophunzira amene amayeserera choncho masiku onse ndimamudziwa akangogunda kawiri. Amamenya mawaya mwamphamvu chifukwa anazolowera kusadzimva, ndipo sadziwa kutontholetsa mawaya amene sakuwagwiritsa ntchito. Tsiku limene mudzamulumikize ku ampu ya kutchalitchi, zonse zimene zinkabisala zimatuluka poyera. Gitala ya magetsi ndi theka chabe la chida. Theka linalo ndi chimene chimakuza mawu, ndipo manja ayenera kuphunzira zonse ziwiri. Choncho chimene tikufuna si kuchepetsa phokoso kokha, koma kuti inuyo muzidzimva bwino, zolakwa ndi zonse, wina aliyense asakumva.

Apa mpamene mahedifoni amalowa. Kuwalowetsa mwachindunji pa gitala sikuthandiza. Pickup, kaja kali pansi pa mawaya, ndi maginito okulungidwa ndi kawaya kopyapyala ka kopa maulendo zikwi zingapo. Timagetsi timene imatulutsa ndi tochepa, nthawi zambiri tosafika volti imodzi, ndipo tilibe mphamvu yokankha ngakhale kasipika ka m'khutu. Pamafunika kachipangizo pakati.

Ndipo kachipangizoko kakhale kotsanzira sipika. Pano pokha ndikupemphani muwerenge mofatsa, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Sipika ya gitala ndi yogontha dala. Mawu opyapyala, onjenjemera maulendo opitirira pafupifupi 5,000 pa sekondi, imawadula, ndipo kudulako ndi kumene kumapangitsa gitala ya distortion, ya mawu okalipa aja a nyimbo za rock, kumveka yonona. Mahedifoni sadula kanthu, amakupatsani zonse. Ma ampu ambiri otsika mtengo ali ndi bowo la mahedifoni, koma amangotenga mawu asanafike ku sipika n'kukuthirani m'khutu osasefa. Zotsatira zake zimamveka ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Munthu amayesa masiku awiri, n'kunena kuti mahedifoni ndi gitala siziyenderana, chonsecho vuto ndi bowolo. Pogula funsani ngati pali cab sim kapena speaker emulation, ndiwo mayina a kutsanzira sipika kuja, ndipo ngati wogulitsa akungoyang'ana kumwamba, tengani mahedifoni anu muyesere pomwepo.

Nzeru ya ampu ya m'khutu si yatsopano. Tom Scholz, injiniya amenenso ankaimba gitala m'gulu la Boston, anatulutsa Rockman mu 1982, kabokosi kokoleka pa lamba. Masiku ano tizipangizo timeneti tinachepa mpaka timalowa m'thumba la shati ndipo timabayidwa pa gitala penipenipo popanda chingwe. Vox amPlug imayendera mabatire awiri a AAA. Fender Mustang Micro, imene inatuluka mu 2021, imatchajidwa ngati foni ndipo imagwira maola pafupifupi 4. Boss anabweretsa Katana Go mu 2024, ndipo NUX ali ndi yawo yotchedwa Mighty Plug imene imakhala yotsikirapo mtengo. Kwathu kuno ubwino wake waukulu si kuchepa, koma kuti magetsi akathima inu simuthima nawo. Ndiye nthawi yabwino yoyeserera imeneyo: TV yazima, ana agona msanga. Kuipa kwake nkwakuti kachipangizoko kamatuluka kunja kwa gitala ngati nyanga. Mukamaimba mutakhala pa bedi kamakanikizika pa matiresi, ndipo ndakonzapo magitala angapo amene bowo lake linakhwepa chifukwa cha zimenezi. Khalani pa mpando wopanda manja.

Mahedifoni akhale a chingwe. Ndikudziwa kuti aliyense ali ndi a Bluetooth m'thumba, koma Bluetooth imachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi 100 mpaka 200. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye kuchedwa kwa mamilisekondi 150 kuli ngati kuimba ampu yanu ili mamita 50 uko, kutsidya kwa theka la bwalo la mpira. Pomvera nyimbo simungazindikire. Pokhwatcha sungura, chala chimagunda apa mawu n'kubwera pambuyo, ndipo kayendedwe konse kamasokonekera. Bluetooth imene ili pa Mustang Micro ndi zinzakezo ntchito yake ndi ina: kutenga nyimbo kuchokera pa foni kuti muziimba motsatira. Pamenepo kuchedwa kulibe kanthu.

Mukandifunsa chimene ndingagule nditakhala ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha, sindingatenge n'komwe ta pa gitala tija. Ndingatenge pedo, kabokosi koponda ndi phazi kosinthira mawu a gitala, ya mawu ambiri monga Zoom G1 Four. Zida za mtundu umenewu zinatchuka kuyambira pamene Line 6 anatulutsa POD mu 1998, ndipo zinatsika mtengo kwambiri. Ya Zoom imayendera mabatire anayi a AA kapena pawabanki, ili ndi chochunira mawaya, ili ndi ng'oma zokugwirirani tempo (liwiro la nyimbo), komanso imajambula masekondi 30 n'kumawabwereza, kotero mumaika rizimu yanu n'kumaimbapo lidi. Kujambulako ndi mphunzitsi wopanda chisoni. Mumadzimva mukuthamangira kutsogolo kwa ng'oma, chinthu chimene ine ndikakuuzani mumakana. Ndipo Lamlungu mumainyamula n'kukailumikiza ku mikisa ya kutchalitchi, mawu amene munakonza kunyumba n'kukhala omwewo. Mungofunika kachitsulo kosinthira pulagi ya mahedifoni kuti ikwane pa bowo lalikulu.

Tima ampu ta sipika ta mabatire tili ndi malo ake, makamaka masana pakhonde kapena pophunzitsa mwana. Roland Micro Cube, ya mu 2004, ndi ya mawati 2 ndipo ndi yolimba ngati njinga ya kabaza. Blackstar Fly 3 ndi ya mawati 3, sipika yake mainchesi 3, ndipo kusakhala ndi bass yambiriko ndi kumene kumaisandutsa bwenzi la aneba. Yamaha THR imamveka bwino kuposa zonsezi ikamalira motsika, koma mtengo wake ndi wa gitala ina. Njira ya laputopu, yolumikiza kudzera pa kabokosi monga Focusrite Scarlett Solo, ndi yabwino kwa amene akufuna kujambula nyimbo. Kwa wongoyeserera, pofika poti mwayatsa makina, mwatsegula pulogalamu, mwayankhako mauthenga awiri, nthawi yatha. Za ma ampu a mavavu (tima chubu ta galasi tokuza mawu) ndinene chimodzi chokha: musadzazule sipika yake n'cholinga choti ikhale chete, mudzawotcha thiransifoma.

Zambiri mwa zida zimenezi zimabwera ndi abale ochokera kunja, ndiye samalani magetsi. Kuno ndi mavolti 230. Cha ku Britain chimangolowa pa soketi, cha ku Joni mumangosintha pulagi, koma cha ku America chinapangidwira mavolti 120 ndipo chikapanda kulembedwa kuti 100-240V chimapsa nthawi yomweyo. China chimene chimapha mapedo ambiri amene amafika pa tebulo langa ndi adaputa yobwereka. Mapedo ambiri amafuna mavolti 9, ndipo negetivu imakhala pakati pa kapulagi. Adaputa ya dikoda kapena ya rauta imakwana bwinobwino pa bowo lomwelo, koma kawirikawiri imakhala ya mavolti 12 ndipo pakati pake ndi pozitivu. Kukwana sikutanthauza kugwirizana. Yang'anani kachizindikiro kojambulidwa pafupi ndi bowo.

M'mahedifoni mudzamvanso kung'ung'uza kumene pa sipika simunkakulabadira. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo pickup ya koyilo imodzi, ngati za pa gitala ya mtundu wa Stratocaster, imatola zimenezo ngati mlongoti. Seth Lover wa ku kampani yopanga magitala ya Gibson anathana nazo m'ma 1950 poika makoyilo awiri otsutsana, ndiye humbucker imeneyo. Simufunika kusintha gitala. Zulani tchaja ya foni imene ili pafupi, talikirani invata, ndipo muzitembenuka pang'onopang'ono pa mpandopo mpaka mupeze mbali imene phokoso likuchepa. Pa Stratocaster yambiri ya masiku ano, switchi ikakhala pa malo achiwiri kapena achinayi kung'ung'uzako kumatha.

Gitala yaing'ono musaigule chifukwa cha phokoso. Squier Mini, imene kutalika kwa waya wake wolira ndi mainchesi 22.75 m'malo mwa 25.5, njabwino kwa mwana wa zala zazifupi, koma siilira motsika kuposa inzake.

Makutu anu okha ndi amene angavulale pa dongosolo lonseli. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata pa madesibelo 80, ndipo mukangowonjezera madesibelo 3 nthawiyo imatsika ndi theka. Khutu likatopa limapempha zambiri, ndiye dzanja limapita lokha ku voliyumu. Ikani mlingo poyamba, muuleke pomwepo. Mukavula mahedifoni n'kumva kulira kwa nkhululu m'mutu, munapyola. Mugule otseka kumbuyo, chifukwa otsegula aja amadontha mawu ndipo amene mwagona naye chipinda chimodzi adzamva zonse.

Mnyamata wa ku Chilobwe uja anasinthanitsa ka ampu kake ndi pedo yogwiritsidwapo kale ntchito. Patatha milungu iwiri alandilodi anagogodanso, ulendo uno akufunsa kuti ndani akusinja usiku. Linali phazi lake likuponda tempo pa simenti. Pano amapondera pa bulangete lopinda kanayi.