Viza ya sukulu siikutsekani pakamwa: ufulu ndi chitetezo cha wophunzira ku Joni

Pa ntchito yanga yolangiza anthu pa nkhani za malamulo kuno ku Johannesburg, chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mantha a ana athu a ku Malawi omwe ali m'makoleji. Mwana walowa m'dziko mwalamulo, fizi walipira, viza ili m'pasipoti, koma akachitidwa chipongwe amangoti, "Ndikalankhula andibweza kumudzi." Mantha amenewa ndi omwe anthu oipa amadyerapo, ndipo alibe maziko m'malamulo a dziko lino.

Malamulo aakulu a South Africa a 1996 amapereka maufulu ambiri kwa munthu aliyense amene ali m'dzikoli, kaya ndi nzika kaya mlendo. Gawo 10 limateteza ulemu wa munthu, gawo 12 limati aliyense ali ndi ufulu wosachitidwa nkhanza, ndi boma kapena munthu wamba, ndipo gawo 33 limati akuluakulu akamapanga chiganizo chokhudza inu achite mwachilungamo. Kuvota ndi kwa nzika, inde. Koma kukadandaula kupolisi kapena kwa akuluakulu a sukulu sikufafaniza viza yomwe ili yovomerezeka. Chomwe chingakuikeni m'mavuto ndi kuisiya viza ithe osaikonzanso, kusiya sukulu, kapena kugwira ganyu kupitirira maola 20 pa sabata omwe viza ya sukulu imalola. Samalani zimenezo, ndipo pa zina zonse mutu wanu ukhale m'mwamba.

Nkhani yomwe ndikufuna ndiikhalire pansi ndi ya nkhanza zokhudza kugonana, chifukwa ndi yomwe imabisidwa kwambiri. Mphunzitsi amene akuti mukhoza mayeso mukamuvomera, mnzanu wa m'kalasi amene sakusiya kukutumizirani mauthenga onyansa pa WhatsApp, chibwenzi chakale chomwe chimakudikirirani pageti madzulo alionse: zonsezi zili ndi njira yake. Lamulo la Protection from Harassment Act la 2011 limakulolani kupita kukhoti la majisitireti kukapempha chikalata choletsa munthuyo kukuyandikirani kapena kukulemberani. Simufunika loya, ndipo khoti likaona kuti pali chiopsezo likhoza kupereka chiletso chongoyembekezera munthuyo asanaitanidwe n'komwe. Akachiphwanya, apolisi ali ndi mphamvu zomumanga. Ngati ndi chibwenzi kapena munthu wokhala naye nyumba imodzi, lamulo la Domestic Violence Act la 1998 ndilo limagwira ntchito. Chonde musafufute mauthenga aja chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi. Ajambuleni, sungani masiku ake, uzani munthu mmodzi wodalirika. Pa tsiku la mlandu umboni umenewo ndi womwe udzakuyankhulireni.

Wina akagwiriridwa, nthawi ndiyo imathamanga. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumathandiza. Malo otchedwa Thuthuzela Care Centre, omwe amapezeka m'zipatala zina za boma, amapereka mankhwala, uphungu ndi thandizo la apolisi pamalo amodzi. Thandizo la kuchipatala simuliyembekezera kuti muyambe mwatsegula mlandu. Ngati mungathe, pitani musanasambe ndipo zovala musazichape. Ndikudziwa kuti kwathu timakonda kuti nkhani zotere zithere m'nyumba, akuluakulu a mpingo kapena a bungwe la Amalawi akambirane. Pa mlandu wogwiririra ine sindivomereza zimenezo. Wolakwayo amapita kukachitanso kwa mwana wa wina.

Sukulu nayo ili ndi udindo. Ku yunivesite ya Witwatersrand (Wits) kuli ofesi ya Gender Equity Office yoona madandaulo otere, ndipo Wits ndi yunivesite ya Johannesburg (UJ) onse ali ndi alonda awoawo a pasukulu. Kudandaula kusukulu sikukuletsani kupitanso kupolisi. Njira ziwirizi zimatha kuyendera limodzi. Nambala ya alonda a pasukulu panu ikhale m'foni kuyambira sabata yoyamba, pamodzi ndi 10111 ya apolisi ndi 112 ya zadzidzidzi yomwe imaimbika pa foni iliyonse ya m'manja. Mukatsegula mlandu, musaiwale kufunsa nambala ya mlanduwo. Wapolisi akakumenyani, bungwe la IPID ndilo limafufuza apolisi.

Komabe ngozi zambiri sizichitikira mkati mwa mpanda wa sukulu. Zimachitikira panjira, pakati pa laibulale ndi kuchipinda, m'misewu ya Braamfontein, Doornfontein ndi Auckland Park kukada, komanso m'nyumba zomwe ana amachita lendi chifukwa malo m'hositelo anatha. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, ndipo Amalawi anzathu anali m'gulu la omwe anatisiya. Makolo amene mumatumiza ndalama ya lendi, funsani mwana wanu ngati nyumbayo ili ndi khomo lina lothawira, ngati mageti a chitsulo satsekedwa ndi loko usiku, ngati mawaya a magetsi si olumikiza mwachinyengo. Chipinda chotchipa cha mtundu umenewo musachivomere. Landilodi nayenso alibe mphamvu zokutsekerani kunja, kukudulirani magetsi kapena kulanda katundu wanu chifukwa mwachedwa kulipira. Kuti akutulutseni pamafunika chigamulo cha khoti. Madandaulo a lendi ndi dipoziti amamvedwa ulere ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng. Ndipo pasipoti yanu musaipereke ngati chikole kwa wina aliyense.

Pali msampha wina womwe umagwira mabanja ambiri mwana asanayambe n'komwe kuphunzira. M'tauni muno muli timakoleji ta m'zipinda zam'mwamba tomwe tilibe chilolezo. Koleji yomwe si ya boma imayenera kulembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba, Department of Higher Education and Training, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti. Onani dzina la kolejiyo, onaninso ngati kosi yomwe mukufunayo ili m'gulu la zomwe inaloledwa kuphunzitsa, musanapereke ngakhale ndalama ya fomu.

Tsiku lina mwina inuyo ndi amene mudzaitanidwe kukomiti ya mwambo, kaya chifukwa cha mlandu wokopera mayeso kaya wa zionetsero. Muli ndi ufulu wouzidwa mlandu wanu momveka, wopatsidwa nthawi yokonzekera, woyankha, ndi wopempha zifukwa za chigamulo polemba. Musasaine pepala lomwe simunalimvetse, ngakhale akufulumizitseni bwanji. Kwa mlendo kuchotsedwa sukulu kumakhudzanso viza, ndiye pezani thandizo mlandu usanamvedwe. Werengani malamulo a sukulu yanu pa za apilo ndi masiku omwe amaperekedwa, lankhulani ndi bungwe la ophunzira la SRC, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya kafunseni ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic ngati angakuthandizeni.