Misana Imene Inavala Ubweya wa ku Wales

Bulangete la ku Wales, lomwe eni ake amalitcha carthen, limakopa maso ndi maluwa ake: timabokosi, timitanda ndi timizere tolowanalowana ngati mawindo a tchalitchi. Koma chinsinsi chake chimadziwika ndi zala. Mukatsina pakati pa kabokosi kamodzi, dzanja lina pamwamba lina pansi, n'kukoka pang'ono, nsaluyo imalekana. Pamenepo m'pamene mumazindikira kuti mwagwira nsalu ziwiri, zowombedwa nthawi imodzi pa makina amodzi, zomwe zimangopyozana pamene mtundu ukusintha. N'chifukwa chake mukalitembenuza, pamene panali pofiira pamaoneka poyera, poyera pamakhala pofiira. Ndi lolemera, lofunda, losatha msanga, ndipo mabanja ambiri ankalipereka ngati mphatso ya ukwati.

Anthu okonda zoluka ndi zowomba amachoka kutali kukaona mabulangete amenewa komwe amapangidwa, ndipo ulendowo ndi woyenera. Chimene ndimadandaula n'chakuti ambiri amabwerako akuganiza kuti carthen ndiye mbiri yonse. Ayi, ameneyu ndi mwana wa mzime. Kwa zaka mazana ambiri, nsalu imene inkadyetsa mabanja a ku Wales inali yopanda duwa ngakhale limodzi, yokhakhala, yosokera munthu wogwira ntchito yakalavulagaga. Ndipo amene ankaiwomba sanali amene ankatchula mtengo wake.

Wales, lomwe ndi mbali ya Britain, ndi dziko la mapiri, mvula ndi msipu. Anthu alipo opitirira pang'ono 3 miliyoni, nkhosa zimawaposa pafupifupi katatu. Amene anayamba kuweta nkhosa mwa bizinesi anali amonke a gulu lachikatolika la Cistercian, omwe anamanga nyumba zawo ku Tintern mu 1131 ndi ku Strata Florida mu 1164, n'kudzaza mapiri ndi ziweto. Iwo ankagulitsa ubweya wosawomba kwa amalonda akunja. Kenako m'mphepete mwa mitsinje munayamba kuoneka timafakitale toyendera madzi, tomwe m'Chiwelshi amati pandy. Mmenemo nsalu yongochoka kwa wowomba inkanyikidwa m'madzi osakaniza ndi dongo lapadera kapena mkodzo wogonera, n'kumasinjidwa ndi minsi yamatabwa yoyendetsedwa ndi gudumu la madzi, mpaka mafuta atachoka ndipo ulusi utagwirana. Mawuwo adakalipo m'maina a malo. Mukamva Tonypandy, dziwani kuti pamalopo pankagunda minsi imeneyi.

Tsoka la alimi a ku Wales linali loti msika wawo unali kutsidya kwa malire. M'tauni ya Shrewsbury, ku England, munali bungwe la amalonda a nsalu lotchedwa Shrewsbury Drapers, lomwe linalandira chikalata cha mfumu mu 1462. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 bungweli linagwira malonda a nsalu ya kumpoto ndi pakati pa Wales mpaka kukhala ngati mwini wake. Poyamba msika unali ku Oswestry, pafupi ndi malire, koma m'ma 1620 anausamutsira ku Shrewsbury komweko, mlimi n'kumayenda mtunda wotalikirapo.

Taganizirani banja la ku Merioneth, dera la mapiri kumpoto chakumadzulo kwa Wales. Dzinja lonse amayi ndi ana akupesa ubweya ndi kupota ulusi pafupi ndi moto, bambo ali pa chowombera m'kachipinda ka kuseri. Nsalu ikatha, mpukutu wautali ukwezedwa pa hatchi, ulendo wa kumapiri uyambika. Kufika ku Shrewsbury, wogula ndi mmodzimodziyo wa chaka chatha, wogwirizana kale ndi anzake. Kubwerera nayo nsalu sikungatheke, lendi ya munda ikudikira kunyumba. Amalondawo ankaimaliza okha nsaluyo, kuisalaza ndi kuimeta, n'kukaigulitsa ku London ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo phindu lenileni linali pamenepo. Nyumba zikuluzikulu zamatabwa akuda ndi makoma oyera zimene alendo amajambula lero ku Shrewsbury, zingapo zinamangidwa ndi ndalama za nsalu imeneyi.

Nanga inkathera kuti? Apa m'pamene mtima wanga umalemera. Nsalu yotchipayi, yotchedwa Welsh plains, inapeza msika waukulu m'zaka za m'ma 1700 m'minda ya nzimbe, mpunga ndi fodya ku Jamaica, Barbados, South Carolina ndi Virginia. Eni minda ankaigula yambirimbiri kuti aveke akapolo ochokera ku Africa, ndipo ankaigawa kamodzi pachaka, aliyense mayadi ake owerengeka. Pa malonda ankaitchanso Negro cloth. Ina inkakwera zombo kupita ku gombe la West Africa ngati katundu wosinthanitsa ndi anthu. M'nyuzipepala za nthawiyo, mwini munda akamalengeza za kapolo amene wathawa, ankafotokoza zimene wavala, ndipo dzina la nsaluyi limapezeka m'zilengezo zoterozo. Munthu akuthawa m'tchire dzuwa likuswa mtengo, pamsana pake pali ubweya wa nkhosa ya m'mapiri a Dolgellau.

Sindikunena izi kuti ndiweruze mayi wosauka amene ankapota ulusi usiku mafuta a nyale atatha. Iye analibe munda wa nzimbe. Koma n'zoonanso kuti matauni monga Dolgellau ndi Machynlleth anatukuka ndi malonda amenewa, kuti nsalu ina inkatulukira pa doko la Barmouth, ndiponso kuti amalonda a ku Liverpool, likulu la zombo za akapolo, ndiwo anafika m'midzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 n'kumagula pakhomo, mphamvu ya Shrewsbury n'kutha. Mlimi anapumula ulendo wa pahatchi, koma ambiri anagwera m'ngongole za ogula atsopanowo, omwe ankapereka ndalama nsalu isanawombedwe. Kwa nthawi yaitali nkhani imeneyi sinkakambidwa. Masiku ano akatswiri a mbiri ndi magulu a m'midzi momwemo aifukula, ndipo anachita bwino.

Ku Bala kunali kwa masokosi. Amuna, akazi ndi ana ankaluka ali panjira, ali pa msika, ndipo usiku ankasonkhana m'nyumba imodzi kuti agawane moto, akuluka ndi kukamba nthano.

Zaka za m'ma 1800 zitayamba, ulemerero unasamukira m'chigwa cha mtsinje wa Severn, ku Newtown, Llanidloes ndi Welshpool, komwe ankawomba flannel, nsalu yofewa kuposa yakale ija. Newtown inakula mpaka kutchedwa Leeds wa ku Wales, poifanizira ndi mzinda wa ku England wotchuka ndi nsalu za ubweya, ndipo mu 1832 inamanga holo yakeyake yogulitsiramo flannel. Nyumba za owomba zinali zosanjikiza: mabanja pansi m'tizipinda topanikizana, zowombera pamwamba pomwe panali mawindo aakulu olowetsa kuwala. Imodzi mwa nyumbazi lero ndi Newtown Textile Museum, ndipo kukwera masitepe ake opapatiza kumaphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga. Malipiro anali ochepa, ntchito yosadalirika. Mu Epulo 1839 anthu a ku Llanidloes, ambiri a iwo owomba otsatira gulu la Chartist lomwe linkafuna kuti mwamuna wamba azivota, anaukira hotela ya Trewythen Arms n'kumasula anzawo omwe anamangidwa. Tauniyo inakhala m'manja mwawo masiku angapo asilikali asanafike. Oposa 30 anaweruzidwa, atatu anathamangitsidwira ku Australia.

M'tauni yomweyo ya Newtown munatuluka munthu mmodzi amene anazindikira kuti mwini msika ndiye mwini nsalu. Pryce Jones anayamba kutumiza timapepala ta mitengo ndi tizidutswa ta nsalu pa positi, anthu n'kumaitanitsa katundu ali kwawo, ndipo amawerengedwa pakati pa oyambitsa malonda a mtundu umenewu padziko lonse. Namwino wotchuka Florence Nightingale ndi Mfumukazi Victoria anali makasitomala ake. Mu 1876 analembetsa Euklisia Rug, bulangete lopinda logonamo lomwe ndi kholo la zikwama zogonamo za lero, ndipo asilikali a Russia anagula zikwizikwi. Mu 1879 anatsegula Royal Welsh Warehouse, chinyumba cha njerwa zofiira chomwe chidakaima pafupi ndi siteshoni ya sitima. Koma njanji yomwe inkatulutsa maphukusi ake ndi yomwenso inkalowetsa flannel yotchipa ya ku Rochdale, ku England, yowombedwa ndi makina a nthunzi pafupi ndi migodi ya malasha. Fakitale yaikulu ya m'tauniyo itapsa mu 1912, Newtown sinadzukenso.

Moto unazima kumpoto uku ukuyaka kumwera chakumadzulo, m'chigwa cha Teifi. Mudzi wa Dre-fach Felindre uli pamene timitsinje ta Bargod, Esgair ndi Brân timatsikira, madzi okwanira kuzunguza magudumu ndi kutsuka ubweya. Njanji inafika ku Pencader mu 1864, kenako ku Newcastle Emlyn mu 1895, ndipo inalumikiza mudziwo ndi msana watsopano wofuna kuvekedwa: anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a zitsulo kumwera kwa Wales. Shati ya flannel inkamwa thukuta pansi pa nthaka, n'kumuteteza munthu ku mphepo akatuluka. Akazi awo ankagula mashawelo aakulu otchedwa siôl fagu, oberekera mwana. Shaweloyo inkakulunga mwana n'kuzungulira thupi la mayi, mwana ali pachifuwa chakumbali, dzanja limodzi lili lomasuka kugwira ntchito. Pachimake pake, dera laling'onoli linali ndi mafakitale oposa 40, ndipo pafupifupi khomo lililonse linkadya za ubweya.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabweretsa msana wachitatu, wa msilikali. Boma linkafuna mayunifolomu ndi mabulangete, makina sankazima, eni mafakitale analemera. Nkhondo itatha mu 1918, boma linakhuthulira pamsika katundu wotsala pa mtengo wogwa, mtengo wa ubweya unatsika, ndipo posakhalitsa migodi inalowa m'sitiraka ndi umphawi wa m'ma 1920. Wa kumgodi wopanda malipiro sagula shati. Mafakitale ambiri, omwe sanagule makina atsopano nthawi ya phindu ija, anatseka, ena anapsa ndi moto osamangidwanso. Cambrian Mills, yomwe inamangidwa mu 1902, inapsa mu 1919 koma inamangidwanso. M'nyumba zake ndi momwe munatsegulidwa malo osungira mbiri ya ubweya mu 1976, omwe lero ndi National Wool Museum, ndipo kulowa ndi kwaulere.

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, pitani kumeneko. Imani pafupi pamene akuyatsa makina opotera, muone mzere wautali wa timipukutu ukubwerera m'mbuyo pa njanji zake ukukoka ulusi, kenako ukubwera kudzaukulunga. Fungo la mafuta a ubweya limakhala m'mphuno. Chowombera chikayamba, kachombo konyamula ulusi kamaponyedwa uku ndi uku mwamphamvu moti mnzanu ali pambali panu simumumva. Anthu ankakhala m'phokoso limenelo kuyambira ali achichepere.

Mafakitale amene anapulumuka anapulumutsidwa ndi alendo. M'ma 1960 nsalu ya maluwa a carthen inalowa m'fasho, ikusokedwa majekete, masiketi ndi zikwama. Lero otsala ndi owerengeka pa zala. Trefriw, m'chigwa cha Conwy, yakhala m'manja mwa banja limodzi kuyambira 1859 ndipo imapanga magetsi ake ndi madzi a mtsinje wa Crafnant. Ku Pembrokeshire kuli Solva, ya mu 1907, yodziwika ndi zoyala pansi, ndi Melin Tregwynt, yomwe banja limodzi linaiyendetsa kuyambira 1912 mpaka 2022, pamene umwini unaperekedwa kwa antchito ake. Nkhani imeneyo inandisangalatsa kuposa zonse, poti kwa nthawi yoyamba ndinaona owomba akukhala eni nsalu. Ku St Fagans, malo osungira nyumba zakale pafupi ndi Cardiff, kuli fakitale yakale ya Esgair Moel, yomwe inasamutsidwa mwala ndi mwala kuchokera kufupi ndi Llanwrtyd ndipo imagwirabe ntchito. Mwezi wa Epulo, oluka ndi opota amasonkhana ku Wonderwool Wales, pa bwalo la chionetsero cha zaulimi ku Llanelwedd pafupi ndi Builth Wells, komwe mungagule ulusi wolembedwa dzina la mtundu wa nkhosa: Black Welsh Mountain yakuda bii, Llanwenog, kapena Torddu, yoyera yokhala ndi mzere wakuda kuyambira pakhosi mpaka kumimba.

Mukamagula bulangete, funsani kumene ubweya wake unachokera. Nkhosa ya m'mapiri a Wales ili ndi ubweya wolimba, wosakanikirana ndi tsitsi louma lomwe silimwa utoto bwino, choncho wambiri umathera m'makapeti, ndipo mabulangete ofewa ambiri amawombedwa ndi ulusi wa ubweya wochokera kwina. Mlimi ayenerabe kumeta nkhosa zake chaka chilichonse kuti zisagwidwe mphutsi. Mu 2020, misika itatsekedwa ndi mliri, ndalama ya ubweya wa nkhosa imodzi sinkakwana kulipira wometa, ndipo alimi ena anauunjika m'khola, ena anaukwirira kuti usanduke manyowa.

M'mapiri omwewo, zaka za m'ma 1800, munali mwambo wotchedwa gwlana. Chilimwe chikayamba, amayi osauka ankanyamuka m'magulu ndi matumba, akuyenda masiku angapo m'njira za nkhosa, akugona m'nkhokwe za alimi, akutola timaubweya totsalira pa minga ndi pa mipanda. Zimene atola ankakatsuka, kupesa ndi kupota, n'kulukira ana awo masokosi a dzinja.