Magalasi amapinda kuwala, sachotsa ng'ala

Tsiku la kiliniki ya maso silitha popanda munthu wobwera ndi timagalasi tiwiri kapena titatu m'kajumbo, togula pamsika wa Lizulu kapena kudepoti ya Dedza. Mawu ake amakhala omwewo: "Adokotala, awa anatha mphamvu, mundipatse amphamvu kwambiri." Abale anga, magalasi satha mphamvu ngati batire. Galasi lolembedwa +2.00 lidzakhala +2.00 mpaka tsiku limene lidzasweke. Chimene chasintha ndi diso lanulo, ndipo si vuto lililonse la diso limene galasi lingalithetse.

Diso silitulutsa kuwala ngati tochi, limangolandira. Kuwala kumayenda ngati mafunde, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi mumpweya. Kukalowa m'madzi liwirolo limatsika kufika cha m'ma 225,000, ndipo kukalowa chopendekeka kumakhota. N'chifukwa chake mthiko mukauviika m'ndowa ya madzi umaoneka ngati wathyokera pakati. Diso limadalira kukhota kumeneku. Kutsogolo kwenikweni kuli kagalasi koonekera mkati, kamene timakatcha cornea, kochindikala theka la milimita basi. Mphamvu yonse ya diso yopindira kuwala, tikaiwerenga ndi manambala omwe aja olembedwa pamwendo wa magalasi, ndi pafupifupi 60, ndipo 43 mwa imeneyi ndi ya kagalasi kameneka. Yotsalayo ndi ya lenzi, yomwe ili kuseri kwa mwana wa diso. Ziwirizi zimasonkhanitsa kuwala kuti kukagwere ndendende pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso, mamilimita 24 kuchokera kutsogolo. Kukagwera patsogolo pake kapena kumbuyo kwake, zinthu zimaoneka mbuu. Apa pokha ndi pamene magalasi ali ndi ntchito: amawonjezera kapena kuchepetsa kupindako.

Lenzi ya mwana ndi yofewa, imafufuma akamayang'ana pafupi. Munthu akafika zaka 40 mpaka 45 imayamba kuuma. Ulusi umavuta kulowa pasingano, posankha nyemba tinsangalabwi timadutsa, uthenga wa ndalama pafoni mumauwerenga mutatambasula mkono. Amenewa si matenda ndipo palibe wakulodzani. Magalasi owerengera amathandiza, ndipo masamu ake ndi apafupi: gawani 100 ndi nambala ya galasilo, mupeza masentimita amene galasilo limasonkhanitsira kuwala. La +2.00 ndi masentimita 50, la +2.50 ndi 40, la +4.00 ndi 25. Ndiye wogula +4.00 poganiza kuti wamphamvu ndiye wabwino amakakamizika kuika Baibulo pamphuno, kenaka mutu waching'alang'ala. Wa zaka za m'ma 45 nthawi zambiri +1.00 kapena +1.50 imamukwanira, wa zaka 60 cha m'ma +2.50. Poyesa tengani chinthu chimene mumagwiritsa ntchito, buku la nyimbo kapena singano, muchigwire pamene mumachigwirira masiku onse, musankhe nambala yotsika kwambiri imene ikukuonetsani bwino. Sindidana nawo magalasi apamsika ngati kutali mukuona bwinobwino ndi maso onse awiri. Koma ndi owerengera, si oyendera kapena opalasira kabaza.

Mwana wasukulu amene amatsinzinira poyang'ana pabolodi ali ndi vuto losiyana. Diso lake latalika, ndipo milimita imodzi yokha yowonjezera imasokoneza ndi nambala pafupifupi 3. Iyeyo afunika galasi la minus, lochepetsa kupinda kwa kuwala, loyezedwa. Mukamuveka owerengera a agogo ake aja mwangowonjezera vuto. Zoti magalasi amaononga maso a ana n'zabodza. Choononga ndi kumusiya akulephera mayeso chifukwa cha zinthu zolembedwa mamita 6 kuchokera pamene wakhala.

Pali kayeso kamene mungachite pakhomo. Tengani kakhadi kolimba, muboole ndi singano yaikulu kabowo ka milimita imodzi. Panja powala bwino, tsekani diso limodzi ndi chikhatho, linalo musuzumire nalo pakabowoko chinthu chakutali, monga chikwangwani cha golosale. Kabowoko kamangolola kuwala kodutsa pakati, kosafuna kupindidwa kwambiri. Zilembo zikayera, mwayi ulipo woti magalasi oyezedwa akuthandizani. Zikapanda kusintha, kapena kukada kwambiri, lekani kugula magalasi. Njira ya kuwala yatsekeka penapake kapena mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo wadwala, ndipo mufunika kupimidwa.

Aliyense amene anayendapo pamsewu wa M1 cha ku Bembeke m'mamawa wa June amaidziwa nkhungu. Dalaivala akayatsa nyali zazikulu saona bwino kuposa kale, amangoona chikhoma choyera, chifukwa timadontho ta madzi timamwaza kuwala mbali zonse. Ng'ala ndi nkhungu imeneyi ili mkati mwa lenzi. Kuwala kumafika, koma kumamwazikana kusanakafike pa retina. N'chifukwa chake agogo a ng'ala amadandaula kuti dzuwa likuwathobwa, amayenda ataphimba kumaso ndi dzanja, ndipo ena amaona bwinoko madzulo. Galasi lingapinde bwanji kuwala komwazika? Pali chinanso chimene chimanyenga mabanja: agogo amene anasiya kuwerenga opanda magalasi amayambiranso, anthu n'kumati maso abwerera. Kawirikawiri imeneyo ndi ng'ala ikuyamba, lenzi yolimbayo ikupinda kuwala mopitirira. Kutali amakhala akuonako movutikira.

Palibe mankhwala odontheza, a m'botolo kapena a zitsamba, amene amasungunula ng'ala. Palibe. Wokugulitsani oterowo akukuberani ndalama ndi nthawi. Ng'ala imachoka ndi opaleshoni: amabaya kapena kudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, amachotsa lenzi yochita ng'alayo n'kuikamo yapulasitiki, ntchito yosapitirira theka la ola nthawi zambiri, munthu ali maso. Diso salitulutsa kunja, ndipo saikamo la mbuzi monga ena amanenera. Kwa ife a ku Dedza ndi Ntcheu, yambirani kuchipatala cha boma, akupimeni. Opaleshoniyi imachitika ku Nkhoma komanso ku Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mawu oti "idikireni ipse" ndi akale. Ikayamba kukulepheretsani ntchito zanu, yakwana. Ng'ala yosiyidwa zaka ikhoza kutupa n'kukweza mphamvu ya madzi m'diso, diso n'kufa ndithu.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri si ng'ala, poti ng'ala imachira. Ndi diso la nthawi yokolola. Mayi akukolola chimanga, tsamba louma lamukwapula m'diso. Likutuluka misozi, lafiira, sakutha kuyang'ana kuwala. Tsiku loyamba adontheza mkaka wa m'mawere. Lachiwiri apongozi afinyira masamba. Lachitatu wina wagula kugolosale kabotolo kokhala ndi dexamethasone kapena betamethasone, ndipo kufiira kwachepadi, onse asangalala. Chimene sakudziwa n'chakuti tsambalo linakanda cornea n'kusiyapo tizilombo ta chuku ta m'munda, ndipo mankhwala a mtundu umenewu amafooketsa chitetezo cha diso, tizilomboto n'kumadya momasuka. Akamafika kuchipatala patatha milungu iwiri, pakati pa diso pali kadontho koyera ngati njere ya mpunga, nthawi zina mafinya atadikha pansi pake. Kumbukirani kuti kagalasi kameneka n'kochindikala theka la milimita, ndipo ndi kamene kamagwira mbali yaikulu ya ntchito yopinda kuwala. Chilondacho chikapola chimasiya chipsera choyera, ndipo chipsera cha mamilimita 3 okha chikakhala pakati chatseka khomo lonse. Mayiyu ali ndi zaka 30, lenzi yake ndi yoyera, retina ndi yamoyo, mtsempha uli bwino, koma kuwala kulibe podutsa. Amafunsa ngati magalasi angathandize. Sangathandize. Akanabwera tsiku loyamba, tikanadontheza kautoto kachikasu koonetsa pokandikapo, n'kumupatsa mankhwala oyenera, ndipo zilonda zambiri zoterezi zimapola m'masiku ochepa.

Mankhwala omwewa a dexamethasone, amene makolo ena amadontheza ana oyabwa maso kwa miyezi, amakwezanso mphamvu ya madzi m'diso. Yoyenera, tikaipima ndi makina, ndi pakati pa 10 ndi 21. Ikakwera imapha mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo, matenda otchedwa glaucoma. Amabweranso okha, makamaka kwa opitirira zaka 40 ndi amene kubanja kwawo alipo anachita khungu. Sapweteka. Amadya m'mbali, pakati pakuonekabe bwino, munthu n'kumangopunthwa pazitseko kwinaku akusinthasintha magalasi apamsika. Mtsempha ukafa sudzukanso, chimene tingathe ndi kuteteza wotsalawo, choncho mukafika zaka 40 pemphani kuti akupimeni mkati mwa diso ngakhale mukuona bwino.

Diso likalasidwa, likafiira ndi ululu, likamaopa kuwala, kapena kuona kukachepa mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukalowa laimu, simenti, feteleza kapena mankhwala opopera mbatata, tsukani kaye ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 musananyamuke. Musatikite, musadonthezemo kanthu kena, ndipo ngati mwadontheza kale, tengani botololo kapena masambawo mukawaonetse kwa wokupimaniyo.