Fakitale ikatsekedwa, munthu agogode pa khomo liti?

Mu Januwale 1990 kampani ya Levi Strauss inalengeza kuti ikutseka fakitale yake yosoka mathalauza mumzinda wa San Antonio, m'chigawo cha Texas ku America. Ntchitoyo inapita ku Costa Rica komwe antchito ankalandira zochepa. Anthu oposa 1,000 anangodzuka ntchito yatha. Ambiri anali amayi ochokera m'mabanja a ku Mexico, omwe anakhala pa makina osokera zaka zambiri; ena Chingerezi chinkawavuta, ena sukulu sanapite nayo patali. Thandizo la boma linalipo, koma masiku amenewo linali lomwazikana. Ndalama zodikirira ntchito ina munthu ankakafunsira ku ofesi iyi, sukulu ya akuluakulu, ngati ija timati ya kwacha, ku ofesi iyo, maphunziro a ntchito kwina, thandizo losamalira ana kwinanso. Ofesi iliyonse inali ndi fomu yake, malamulo ake ndi mzere wake. Mayi wopanda galimoto, ana ali kunyumba, lendi ikumudikira, ankatopa asanafike pa khomo lachitatu.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kuwunika mapulogalamu ophunzitsa anthu maluso. Ndikanena kuti mapulogalamuwa amafunika kuwalumikiza, ambiri amaganiza kuti ndikunena za misonkhano ya mabwana. Misonkhano imakhalapo, inde, koma ngati kulumikizako kwatheka mumaonera pa mayi uja. Wayenda maofesi angati? Wafotokoza mavuto ake kangati kwa anthu osiyanasiyana? Nanga patatha chaka, alipo amene akudziwa ngati ali pa ntchito, ndiponso kuti akulandira zingati? Ndasankha Texas chifukwa ndi chimodzi mwa zigawo zomwe zinayamba msanga kulimbana ndi mafunso amenewa, ndipo zabwino ndi zofooka za njira yake zili poyera.

Muyambe mwaona kukula kwa chisokonezocho. Mu 2011 ofesi ya GAO, yomwe imawunika mmene boma la America likugwiritsira ntchito ndalama, inawerenga mapulogalamu 47 othandiza anthu kupeza kapena kuphunzira ntchito. Anali m'manja mwa maunduna ndi nthambi 9, ndipo onse pamodzi anadya madola pafupifupi 18 biliyoni m'chaka cha 2009. Mwa amenewa, 44 ankapereka thandizo lofanana ndi la pulogalamu ina kwa anthu ofananso. Sikuti wina anachita dala. Pulogalamu iliyonse inabadwa pa nthawi yake poyankha vuto lake: asilikali opuma, anthu aulumali, achinyamata osiya sukulu, antchito omwe fakitale yawo yasamukira kunja. Nyumba ya malamulo ya ku Washington imatumiza ndalama iliyonse itamangidwa ndi chingwe chake, ndipo bwanamkubwa wa chigawo alibe mphamvu yodula zingwezo. Chomwe angathe ndi kuzilukira pamodzi zikafika kwake.

Texas inachita zimenezi mu 1995, George W. Bush ali bwanamkubwa. Nyumba ya malamulo ya chigawocho inatenga mapulogalamu oposa 20 omwe anali m'maofesi osiyanasiyana n'kuwaika pansi pa bungwe limodzi latsopano, Texas Workforce Commission, lomwe likulu lake lili ku Austin. Pamwamba pake pali makomishonala atatu osankhidwa ndi bwanamkubwa: mmodzi amaimira olemba anthu ntchito, wina antchito, wachitatu anthu wamba. Kusonkhanitsako sikunathere pomwepo. Mu 2013 maphunziro a akuluakulu anachoka ku nthambi ya zamaphunziro n'kulowa m'bungweli, ndipo mu 2016 ntchito yothandiza anthu aulumali kulowa ntchito inabweranso komweko. Bungwe lomweli ndi lomwe limalipira ndalama za amene ntchito yawathera, komanso ndi lomwe limayendetsa thandizo lolipirira malo osamalira ana a makolo opeza movutikira.

Koma Austin singadziwe zonse. Texas ndi yaikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi Malawi, ili ndi anthu oposa 30 miliyoni ndi maboma ang'onoang'ono 254. Ku Midland ndi Odessa anthu amadyera mafuta a pansi. Ku Amarillo ndi ng'ombe ndi mafakitale a nyama. Ku Houston kuli doko, zipatala zikuluzikulu ndi mafakitale oyenga mafuta, pomwe ku El Paso ndi McAllen moyo umayendera malonda a pamalire ndi Mexico. N'chifukwa chake chigawochi anachigawa m'madera 28, lililonse ndi bodi yake. Ya dera la Houston yokha imayang'anira maboma 13. Ndalama zambiri zimatsikira ku mabodi amenewa, ndipo maofesi omwe munthu wamba amalowamo amadziwika ndi dzina limodzi, Workforce Solutions. Bodi siyendetsa yokha maofesiwo. Imapereka kontrakiti kwa ena, iyo n'kutsala ndi udindo wokonza mapulani ndi kulondola zotsatira, chifukwa wophika sangakhalenso wogamula ngati ndiwo zakoma.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la dziko lonse la zophunzitsa ndi kupezera anthu ntchito, lotchedwa WIOA, lomwe Barack Obama anasainira mu Julayi 2014 kulowa m'malo mwa la 1998. Limafuna kuti bwanamkubwa aliyense apereke ku Washington ndondomeko imodzi ya zaka 4 yokhudza mapulogalamu 6 akuluakulu onse pamodzi, osati iliyonse ndi yakeyake. Pa ndalama zothandizira akuluakulu, achinyamata ndi ochotsedwa ntchito, bwanamkubwa amaloledwa kusunga mpaka 15 peresenti kuti igwire ntchito za chigawo chonse. Pa thumba la ochotsedwa ntchito angapatulenso mpaka 25 peresenti ya gulu lothamangira komwe fakitale ikutsekedwa. Lamulo lina, la 1988, limakakamiza kampani ya antchito 100 kapena kuposerapo kuchenjeza masiku 60 isanatseke kapena kuchotsa anthu ambiri, ndipo chenjezolo limafikanso ku boma la chigawo. Alangizi amapita pa fakitale pomwepo anthu akadali pamodzi, chifukwa akangobalalika aliyense ndi chisoni chake, kuwapezanso ndi ntchito yaikulu.

WIOA imanenanso kuti oposa theka la mamembala a bodi akhale ochokera ku makampani, wapampando nayenso, ndipo osachepera 20 peresenti aimire antchito. Ena zimenezi siziwasangalatsa, ndipo nkhawa yawo ndimaimva. Bwana amafuna munthu wodziwa makina ake lero, pomwe wophunzirayo akufunika luso lomwe lingamudyetse ngakhale kampaniyo itagwa mawa. Komabe ndaona zomwe zimachitika olemba ntchito akasiyidwa kunja. Sukulu imaphunzitsa zomwe ili nazo aphunzitsi ndi zipangizo, kaya msika ukuzifuna kaya ayi. Ndinakhalapo pa mwambo wopereka masatifiketi kwa achinyamata ambirimbiri a ntchito imodzi, m'tauni momwe amisiri a ntchito yomweyo anali atachuluka kale mpaka kulimbirana makasitomala. Nthungululu za makolo tsiku limenelo zimandipwetekabe mtima ndikazikumbukira.

Pofuna kupewa zotere, bodi iliyonse ku Texas imalemba mndandanda wa ntchito zomwe zikusowa anthu m'dera lake, ndipo ndalama za maphunziro zimalunjika kumeneko. Munthu akavomerezedwa, boma silimusankhira sukulu. Amatsegulidwira akaunti ya maphunziro, iye n'kusankha pakati pa sukulu zovomerezeka, ndalama n'kupita ku sukuluyo. Sukulu yofuna kukhalabe pa mndandanda iyenera kuonetsa komwe ophunzira ake akale anathera.

Apa ndiye pagona nkhani. Amadziwa bwanji komwe anathera? Ku America wolemba anthu ntchito amapereka lipoti ku boma la chigawo miyezi itatu iliyonse, losonyeza wantchito aliyense, nambala yake ya Social Security (yomwe boma limamuzindikirira) ndi ndalama zomwe walandira, poti pamenepo m'pomwe amawerengera msonkho wothandizira amene ntchito yawathera. Ku Texas malipoti amenewa amafika ku bungwe lomwelo lomwe likulipira maphunziro. Ndiye safunika kudalira mawu a mphunzitsi wamkulu kapena zithunzi za tsiku lomaliza maphunziro. Amatenga nambala za omwe anaphunzira n'kuzifananiza ndi za m'malipoti a malipiro. Lamulo la WIOA limafunsa ngati munthuyo ali pa ntchito patatha pafupifupi theka la chaka chitulukireni mu pulogalamu, limafunsanso chimodzimodzi patatha pafupifupi chaka, n'kuonanso malipiro ake. Mafunso a ntchito ndi malipirowa amafunsidwa ku mapulogalamu onse 6, ndipo chigawo chomwe chalephera zaka ziwiri zotsatizana chingathe kudulidwa ndalama.

Kwa ine, muyeso umodzi umenewu ndi womwe umamanga maofesi pamodzi kuposa kuwaika m'nyumba imodzi. Mphunzitsi wa Chingerezi akadziwa kuti adzafunsidwa ngati wophunzira wake anapeza ntchito, amayamba kulankhula ndi mphunzitsi wa zowotcherera, mpaka kuphunzitsa mawu omwe munthuyo akakumane nawo m'shopu. Wolemba mayina pa ofesi amasiya kungowerenga mitu ya olowa pakhomo.

Muyesowu uli ndi mabala ake, ndipo sindiwabisa. Ofesi yomwe ikuopa kulephera imakopeka kulandira anthu omwe akanapeza ntchito ngakhale popanda thandizo, n'kumazengereza pa wotuluka kundende kapena mayi wa zaka 55 wosadziwa Chingerezi. Lamulo limayesa kuchepetsa zimenezi posintha mlingo wa dera lililonse molingana ndi mavuto a anthu omwe likuthandiza, koma mantha a wogwira ntchito pa desiki sathera pa masamu. Bala lina n'loti munthu wodzilemba yekha ntchito, kapena wolandira ndalama pamanja, saoneka m'malipoti aja, ngakhale zikumuyendera.

Pali chinanso chomwe anzanga ambiri sakonda kumva. Unduna wa zantchito wa America unachititsa kafukufuku wamkulu pa lamulo la 1998 lija, anthu akugawidwa m'magulu mwa maere kuti kufananiza kukhale kwachilungamo. Anapeza kuti kukhala pansi ndi mlangizi, kukambirana za ntchito ndi kuthandizidwa kuifunafuna kunakweza malipiro a anthu. Koma ndalama zolipirira maphunziro sizinaonetse phindu looneka m'miyezi 30 yoyambirira. Ena atamva anafulumira kunena kuti kuphunzitsa anthu ntchito n'kutaya ndalama. Ine ndimawabwezera ku San Antonio komwe tinayambira.

Fakitale ija itatsekedwa, magulu awiri a anthu a m'mipingo ndi m'madera, COPS ndi Metro Alliance, anakhala pansi ndi olemba ntchito ndi akuluakulu a mzinda. Mu 1992 panabadwa pulogalamu yotchedwa Project QUEST. Iwo amayamba afunsa olemba ntchito kuti ndi ntchito ziti zolipira bwino zomwe zikusowa anthu, makamaka za m'zipatala monga unamwino. Kenako amalipirira munthu maphunziro aatali ku koleji, osati a milungu ingapo, ndipo samusiya yekha. Amakhala ndi mlangizi wake, amakumana ndi anzake mlungu uliwonse, ndipo mayendedwe, kosiya mwana kapena bilu ya magetsi zikafuna kumugwetsa, amamuthandiza. Ofufuza anatsatira anthu 410 omwe analembetsa pakati pa 2006 ndi 2008, theka atalowa mu pulogalamu mwa maere, theka ayi. Poyamba olowawo ankapeza zochepa kuposa anzawo, poti anali m'kalasi anzawo ali pa ntchito. Pofika chaka cha 9 ankawaposa ndi madola opitirira 5,000 pa chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wowerenga msanga akanati pulogalamuyi yalephera. Mu Novembala 2020 anthu a mumzindawo anavota kuti kachigawo ka msonkho wa pa malonda kapite ku pulogalamu yaikulu ya mtundu womwewo, yotchedwa Ready to Work.

Mukaona bwino, omwe amasiyira maphunziro panjira kawirikawiri si ofooka mutu. Mwana wadwala, womusiyira wasamuka, galimoto yafa, bwana wa ganyu wasintha maola. N'chifukwa chake ndimaona kuti Texas inaganiza bwino poika ndalama zosamalira ana m'bungwe lomwelo loyang'anira maphunziro a ntchito: mayi akalowa pa ofesi imodzi angathe kufunsa zonse ziwiri. Vuto n'loti njira ya QUEST imadula pa munthu mmodzi, ndipo bodi ya ndalama zochepa imakopeka kugula makosi aafupi kuti ithandize anthu ambiri. Ngakhale thandizo la ana lija, m'madera ambiri makolo amakhala pa mzere wodikira. Kulumikiza maofesi sikubereka ndalama zomwe kulibe.

Kwathu kuno maganizo oti olemba ntchito atengepo mbali si achilendo. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a ntchito zamanja. Chomwe sitingakopere ku Texas ndi malipoti a malipiro aja, chifukwa ambiri mwa omwe amaliza ukalipentala, utelala kapena zomangamanga amakadzilemba okha ntchito kapena kuyendera maganyu, ndipo palibe bwana wowalembera lipoti. Kuwatsatira kumafuna foni ndi miyendo. Ine ndikafika pa malo ophunzitsira ntchito, ndisanaone makina ndimapempha kaundula wa omwe anamaliza chaka chatha. Ndimayang'ana ngati analemba nambala ya wophunzira ndi ya kholo kapena m'bale wake, poti achinyamata amasintha manambala pafupipafupi. Kenako ndimasankha mayina khumi, n'kupempha mphunzitsi wamkulu kuti tiwaimbire tili limodzi.