Kafukufuku wa miyendo yamagetsi sayamba ndi wovutikitsitsa

Ambiri amaganiza kuti pakafukufuku wa manja ndi miyendo yochita kupanga yoyendera magetsi, amene wavutika kwambiri ndiye amayamba kutengedwa. Si choncho ayi, ngakhale kuti kukanidwa kumawawa zedi.

Ofufuza amayang'ana mbali yotsala ya chiwalo chomwe chinadulidwacho. Kodi bala linapoleratu? Nanga munthuyo akayesa kupinda chala chomwe kulibe, minofu yake ikutumizabe timphamvu tamagetsi toti masensa (tizipangizo tomva magetsi) apakhungu n'kutimva? Ngati chitsulo chogwirizira chiwalo chochita kupangacho chikalowe m'fupa, fupalo likhale lolimba, ndipo shuga wosalamulirika kapena kusuta fodya kawirikawiri zimalepheretsa.

Malo a anthu pakafukufukuyu amakhalanso ochepa. Kafukufuku wa ku MIT, yunivesite ya ku America, wofalitsidwa mu 2024 anali ndi anthu 14 okha, onse odulidwa mwendo mmunsi mwa bondo.